Phunziro 14: Mtumiki Wokhulupirika

Mwezi wa Ogasiti ukafika, chisanu chimachepa mu Lusaka, koma mphepo imautsa fumbi m'miseu. Pofika Seputembala dzuwa limaŵala kolimba, ndipo mitengo ya jakaranda ya ku Woodlands ndi ku Kabulonga imayamba kuchita maluwa.

Tsiku lina m'nyengo imeneyi, mnyamata wa ku Kabwata anatumidwa ndi amake kukagula mankhwala a agogo ake ku Cairo Road, mseu waukulu wa mzindawu, umene unakhala likulu la dziko mu 1935. Panjira anakomana ndi bwenzi lake la ku Chelstone.

"Iwe, kwatentha lero! Tiye tigule zakumwa ndi ndalamazo," anatero mnzakeyo.

"Iyayi, mnzanga. Ndalamazi si zanga. Agogo sanagone ndi chifuwa chifukwa cha fumbi."

Pamenepo mnzakeyo anachita manyazi, namperekeza kukagula mankhwalawo. Pobwerera anapha ludzu ndi madzi a pampopi, nafika kunyumba dzuwa lisanapendeke. Amake anaŵerenga ndalama zotsala, napeza kuti zinali zokwanira. Usiku umenewo agogo anagona tulo.

Mafunso
1. Kodi jakaranda amachita maluwa mwezi uti?
2. Chifukwa ninji mnyamatayo anakana zakumwa?