Chifefe cha ku fakitale kapena mfuti yopangitsa? Mafunso ndi mayankho kwa mlimi wa ku Katete

Chimanga chikayamba kubereka nguluwe n'kumalowa m'minda, kapena kukamveka kuti khola la uje alitsegula usiku, nkhani ya mfuti sichedwa kubuka pabwalo. Wina amati akudziwa mmisiri wosula gogodela. Wina amati kuli bwino kugulitsa ng'ombe n'kukagula chifefe ku Lusaka. Mnyamata wa foni nayenso amabwera ndi zithunzi za mfuti za ku America zomangirira tochi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene alimi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amafunsana nthawi ngati imeneyo.

Mfuti yopangitsa ndi iti?

Zilipo za mitundu iwiri, ndipo n'zotalikirana kwambiri. Ku America munthu amagula chifefe cha ku fakitale, monga Remington 870 kapena Mossberg 500, n'kuchitumiza kwa amisiri ovomerezeka ngati a Wilson Combat kapena Vang Comp kuti achisinthe. Amachiika tochi, zolozera zatsopano, malo olowa zipolopolo zambiri, utoto woletsa dzimbiri, n'kusalaza zitsulo zam'kati kuti zizitsetsereka bwino. Mpope wake umakhala wa chitsulo cha mfuti ndithu.

Kwathu kuno yopangitsa ndi ija amasula mobisa kuseri kwa mudzi, ya mpope wotola ndi thabwa losema pamanja. Ya ku America ija imadula kuposa ya m'sitolo, yathuyi imatchipa kuposa ya m'sitolo. Zonse ziwiri, kwa mlimi, ndikuona kuti n'kutaya ndalama, koma pa zifukwa zosiyana.

Tiyambe ndi zakunjazo. Ndalama yowonjezerayo imabwerera?

Kwa wapolisi wolowa m'nyumba zamdima, kapena wampikisano woombera zipolopolo masauzande pachaka, mwina imabwerera. Mtengo umakwera kawiri kapena katatu, nthawi zina kuposa apo, ndipo iye amachimva chimene walipira tsiku lililonse. Koma Remington 870 yakhala ikupangidwa kuyambira 1950, zoposa 10 miliyoni zinagulidwa, ndipo chimene chinaitchukitsa n'chakuti imagwira ntchito mmene yatulukira m'bokosi. Zoikapo zija siziwonjezera mphamvu ya chipolopolo, ndiponso sizimuphunzitsa munthu kuloza.

Onjezerani kuti kulowetsa mfuti m'dziko muno kumafuna chilolezo ndi msonkho wa ZRA. Kachitsulo kachilendo kakathyoka, pa Katete Boma simukapeza. Ulendo wake ndi wa ku Lusaka, pafupifupi makilomita 500, ndipo nakonso mwina akakuuzani kuti aitanitse kunja. N'chifukwa chake alimi ambiri a laisensi amakhala ndi chifefe cha mpope umodzi, monga Baikal ya ku Russia kapena Greener yakale ya ku Birmingham. Zitsulo zake n'zochepa, zowonongeka n'zochepanso.

Nanga gogodela? Makolo athu ankapha nayo njovu.

Ankapha nayodi. Koma tikumbukire kumene mfuti zimenezo zinkachokera. M'zaka za m'ma 1800 zinkabwera ndi Achikunda ndi amalonda a ku Tete ndi chigwa cha Zambezi, zosinthanitsa ndi minyanga, ndipo zambiri zinali zopangidwa m'mafakitale a ku Ulaya, ku Birmingham ndi ku Liège. Zinali mfuti zotsika, komabe mpope wake unapangidwira wonga. Amisiri a kuno ankazikonza, kusintha thabwa, kusula kachitsulo kothyoka, ndipo luso lawo linali lalikulu.

Yamasiku ano ndi ina. Mpope wake nthawi zambiri ndi paipi ya madzi kapena chitsulo chochotsa pa galimoto yakufa. Dzina ndi lomwe lija, koma chimene mwanyamula si chimene ananyamula agogo anu.

Chimaphulitsa mpope n'chiyani kwenikweni?

Pano ndichedwepo, chifukwa mpamene pagona nkhani yonse. Mfuti ikalira, wonga umapsa m'kanthawi kochepa kwambiri n'kusanduka mpweya wotentha umene ulibe kothawira koma kukankha zonse zoutsekereza. Tayala la galimoto yaing'ono timalipopa mpweya wa 2 bar kapena kupitirirako pang'ono. Chipolopolo wamba cha chifefe cha 12 bore, pa malamulo a ku Ulaya, chimaloledwa kufika 740 bar. Kumeneko n'kuchulukitsa mpweya wa tayala uja koposa ka 300. Mphamvu yonseyo imagunda khoma la mpope chapafupi ndi nkhope yanu.

Ndiye m'maiko ngati Britain, Belgium, Italy ndi Russia, mfuti sigulitsidwa isanayesedwe. Ku Birmingham kuli nyumba yoyesera mfuti imene inakhazikitsidwa mu 1813 ndipo ikugwirabe ntchito. Amaombera mfutiyo ndi zipolopolo zamphamvu kuposa zamasiku onse, munthu ali kuseri kwa khoma, kenako n'kuyang'ana ngati chitsulo chatupa kapena chang'aluka. Ikapirira amaidinda tizizindikiro. Tengani Greener kapena Baikal muyang'ane pafupi ndi polowetsa chipolopolo, mudzationa. Pa ndalama zonse zogulira mfuti, zogulira tizizindikiro timeneto ndiye zopindulitsa.

Paipi ya madzi ili ndi msoko wowotcherera kuyambira uku mpaka uko. Lowetsani chala m'kati mwa paipi yatsopano, mudzaukhudza. Mmisiri alibe chipangizo choonera ngati msokowo wayamba kulekana, ndipo dzimbiri limadya m'kati momwe diso silifika. Mfuti ikhoza kulira bwino chaka chonse, mwini n'kumaitama, koma kulira kulikonse kumakulitsa mng'alu. Tsiku lophulika, dzanja lamanzere limakhala litagwira pansi pa mpope, diso lamanja lili pamwamba pake. Zala ndi diso ndiye zimayamba kupita. Kuchokera ku midzi ya kwa Kawaza kapena kwa Nyanje kukafika ku chipatala cha St Francis usiku, magazi akutayika, ndi ulendo wautali.

Pali ngozi zina ziwiri. Ena amatsegula chipolopolo cha m'sitolo n'kuthira wonga wake mu gogodela, osadziwa kuti wonga wamakono ndi waukali kuposa wakuda wakale uja. Ndiponso wonga ukachita chinyezi umachedwa kugwira moto. Munthu amaganiza kuti mfuti yakana, n'kuitsitsa kapena kusuzumira kukamwa kwake, iyo n'kulira.

Lamulo likuti chiyani?

Lamulo la mfuti la Zambia, Firearms Act, Cap 110, limafuna kuti aliyense wosunga mfuti kapena zipolopolo akhale ndi laisensi. Pempho limadzera ku polisi. Iwo amafufuza mbiri yanu, chifukwa chimene mukuifunira, ngati mumadziwa kuigwira ndiponso ngati muli ndi malo otseka osungira. Akavomereza, laisensi imatuluka ku khonsolo, ndipo imakhala ndi nthawi yoti mukaikonzenso. Nambala ya mfuti imalembedwa m'kaundula ku likulu la polisi ku Lusaka.

Kupanga mfuti popanda chilolezo ndi mlandu, kuisunganso ndi mlandu, ndipo onse awiri amafikitsa kundende. Ngakhale chifefe cha laisensi, musachipereke kwa wowotcherera pamsika kuti adule mpope kapena asinthe kanthu. Ntchito imeneyo ndi ya ovomerezeka okha.

Ndikakhala ndi laisensi, ndiye kuti ndingasake?

Ayi. Laisensi ya mfuti si chilolezo cha ulenje. Nyama zakutchire zili pansi pa Zambia Wildlife Act ya 2015, ndipo oyang'anira ndi a DNPW, amene analowa m'malo mwa ZAWA. Lamulo limalola kudziteteza ku nyama yolusa ndipo lili ndi gawo lonena za nyama zowononga mbewu, koma mukapha muyenera kukanena msanga, ndipo nyamayo simuitenga ngati ndiwo zanu. Kafunseni ku ofesi yawo chimanga chisanabereke.

Chimene ndimaopa kwambiri n'kuombera usiku m'munda. Chogwedeza mapesi chikhoza kukhala nguluwe, chikhozanso kukhala mwana wa mnansi wofunafuna mbuzi yotayika. Musakoke chala pa chinthu chimene simunachione bwino.

Wina akugulitsa mfuti yochokera ku Mozambique pa mtengo wabwino. Ndi ya ku fakitale ndithu. Ndigule?

Musagule. Nkhondo ya ku Mozambique inatha ndi pangano la ku Rome mu 1992, ndipo mfuti zambiri zinatsala zokwiriridwa m'tchire. Kuyambira 1995 apolisi a dzikolo pamodzi ndi a South Africa ankazifukula n'kuziwononga pa ntchito yotchedwa Operation Rachel, ndipo mipingo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, inkasinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Sizinathe zonse. Ife tili pafupi ndi malire, Chanida ndi pakhomo, Vubwi ali pakati pa Malawi ndi Mozambique, ndiye zina zimatulukirabe.

Mfuti yotero simungailembetse, ndipo simudziwa inapha ndani. Apolisi akaipeza m'denga mwanu, mafunso onse a mbiri yake adzafunsa inu. Ngakhale chilango cha imfa chinathetsedwa m'dziko muno mu Disembala 2022, mlandu wakuba ndi mfuti ukadali pakati pa milandu yolemera kwambiri.

Ndiye akuba ng'ombe tiwasiye?

Ayi ndithu. Amene anadzukapo m'mawa n'kupeza khola lili pululu, ngolo ilibe chokoka, amadziwa kuti chaka chonse chagwa. Koma wakuba amabwera mwini ali m'tulo, ndipo mfuti ya laisensi imakhala yotsekeredwa monga lamulo lifunira. Pamene mukuitulutsa, ng'ombe zawoloka kale dambo. Kukamveka kuti m'nyumba muli mfuti, nayonso imasanduka katundu wofunidwa ndi akuba.

Ndalama ya chifefe ikhoza kumanga khola lolimba pafupi ndi nyumba, la chipata cha unyolo ndi loko, kugula nyale ya sola, kudyetsa agalu, ndiponso kulembetsa chidindo cha ng'ombe zanu kwa a veti. Ng'ombe yodindidwa imavuta kugulitsa, chifukwa kuyenda nayo kumafuna chilolezo. Nyakwawa ndi gulu la chitetezo cha m'mudzi akamafunsa mapepala kwa aliyense wodutsa ndi ng'ombe, msika wa akuba umachepa. Amene waona kuti mfuti ikufunikabe, agule chifefe wamba kwa wogulitsa wovomerezeka, ndipo ndalama imene akanagulira zokongoletsa aiike pa bokosi lachitsulo losungira ndi pa kuphunzira kuombera.

Ndili nayo kale, ya malemu bambo. Nditani?

Ngati inali ya laisensi, laisensiyo siyenda ndi chuma chamasiye. Pitani ku polisi ndi mapepala ake, aisunge mpaka wolowa m'malo atapeza chilolezo chake.

Ngati ndi yosula kapena yopanda mapepala, njira yabwino n'kuipereka. Bungwe la African Union linasankha mwezi wa Seputembala, kuyambira 2017, kukhala wopereka mfuti zosaloledwa, ndipo boma likalengeza nthawi yachikhululukiro munthu amapereka osaimbidwa mlandu. M'chigawo chathu chino bungwe la COMACO, lomwe linayamba mu 2003, lalandira mfuti ndi misampha yambiri kwa alenje akale amene analowa ulimi wa mtedza, soya ndi njuchi.

Musainyamule nokha pa njinga kupita nayo ku boma. Yambani mwauza anyakwawa, mupite nawo ku polisi kukafotokoza, apolisi anene mmene ikafikire. Musayese kuiombera kapena kuichotsa wonga, chifukwa gogodela imatha kukhala zaka zambiri padenga ili yothira kale. Ana asaiyandikire, ndipo kukamwa kwake kusaloze munthu.