Phunziro: Kusankha Wokutsogolerani Pansi pa Nyanja

Alendo ambiri amene amafika ku Chembe amabwera kudzaona mbuna, tinsomba tamawangamawanga timene tinachititsa kuti Lake Malawi National Park ikhazikitsidwe mu 1980, ndiponso kuti bungwe la UNESCO liyiike m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Ena amakhutira kuziona ali pamwamba, koma ena amafuna kubira m'madzi atabereka silinda ya mpweya. Masiku ano Amalawi nawonso ayamba kuyesa masewerawa pa tchuthi. Mlendo akafuna kudziwa kopita, amafunsa inu eni mabwato, operekeza alendo ndi ogwira ntchito m'malo ogona. Yankho lanu lingateteze moyo wa munthu kapena kuuika pachiswe.

Choyamba ndi chiphaso cha mlangizi. Mabungwe odziwika monga PADI ndi SSI amapereka nambala kwa mlangizi aliyense, ndipo umembala wake umakonzedwanso chaka ndi chaka. Pemphani kuona chiphasocho ndipo muyang'ane chaka chake. Chikwangwani chokongola pakhomo si umboni, pakuti utoto aliyense angagule. Kudziwa kubira nakonso sikupanga munthu kukhala mphunzitsi. Anyamata athu ambiri amatsika mozama ndi mpweya wa m'chifuwa mokha, koma kupuma mpweya wa m'silinda kuli ndi malamulo ena.

Chifukwa chake nachi. Munthu akatsika mamita 10, mphamvu imene ikupanikiza thupi lake imawirikiza kawiri. Akapuma mpweya wa m'silinda pamenepo, kenaka n'kuthamangira pamwamba ataugwira m'chifuwa, mpweyawo umafufuma ndipo ukhoza kung'amba mapapo. Izi zikhoza kuchitika ngakhale pamadzi osazama kwenikweni. N'chifukwa chake mlangizi weniweni sathamangira kukweza wophunzira m'bwato. Amayamba wamukhazika pansi n'kumufotokozera, kenaka amalowa naye pamadzi ofika m'chifuwa kuti aphunzire kuchotsa madzi m'magalasi, kubwezera chopumira mkamwa chikagwa, kutsegula makutu pamene akutsika, ndi kulankhula ndi manja. Malinga ndi malamulo a PADI, woyesa koyamba sapitirira mamita 12, ndipo amene wamaliza maphunziro oyamba a Open Water sapitirira mamita 18. Wina akalonjeza mlendo watsopano kuti amutsitsa kuposa apa tsiku lomwelo, mlendoyo achokepo ndalama zake zili m'thumba.

Mlangizi wabwino amafunsa mafunso ambiri, ndipo nthawi zina amakana ndalama. Amapereka fomu yofunsa za mphumu, khunyu, matenda a mtima, shuga ndi pakati. Wachimfine amamuuza kuti adikire, chifukwa makutu otsekeka amapweteka kwambiri pansi pa madzi. Wonunkha mowa wa dzulo amamubweza. Ambiri amaipidwa ndi zimenezi, komatu wokanayo ndiye woyenera kumukhulupirira. Funsaninso kuti mlangizi mmodzi atsika ndi ophunzira angati. Kwa oyamba kumene, anayi ndiye malire, ndipo awiri ndi bwino koposa.

Zipangizo zimadzichitira zokha umboni. Paphewa pa silinda pamadindidwa deti limene inayesedwa komaliza. Yang'anani ngati mapaipi ali ong'aluka ndi ngati chopumira chikutaya mpweya. Pemphaninso kuona makina opopera mpweya m'masilinda. Paipi yake yokokera mpweya iyenera kutalikirana ndi utsi wa injini kapena jenereta, pakuti utsiwo uli ndi poizoni wosaoneka amene angakomole munthu ali pansi. Mpweya ukamanunkha mafuta, silindayo ikanidwe. M'bwato mukhale botolo la okosijeni, bokosi la chithandizo choyamba, foni, ndi munthu wotsalira pamwamba. Mwera ukakula, makamaka pakati pa Meyi ndi Ogasiti, woyendetsa wanzeru amasintha malo kapena kuimitsa ulendo.

Pali mfundo ina imene imakhudza nyanja yathu mwapadera. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo malo aliwonse opitirira mamita 300 amafuna kuti nthawi yokhala pansi iwerengedwe mosiyana. Funsani mlangizi ngati amachita zimenezi. Pamene munthu ali pansi, mpweya wa naitirojeni umalowerera m'magazi, ndipo umafuna nthawi kuti utuluke. Akakwera pamalo okwera msanga, umapanga timathovu timene timapweteka m'mfundo ndipo tikhoza kupuwalitsa. Langizo lodziwika ndi lakuti munthu adikire maola osachepera 12 asanakwere ndege ngati wabira kamodzi, ndi maola 18 ngati wabira kangapo. Ngozi yomweyi ilipo kwa wokwera galimoto kudzera ku Golomoti kupita ku Dedza, kumene kuli pamtunda woposa mamita 1,500. Choncho mlendo amene akubwerera ku Lilongwe Lamulungu m'mawa amalize kubira Loweruka dzuwa lisanapendeke, ndipo mlangizi amufunse za ulendo wakewo asanalandire ndalama.