Phunziro: Khasu, udzudzu ndi chambo

Lero tione mmene ntchito za manja a anthu zimasinthira chakudya, magazi ndi nyanja.

Tiyambe ndi nsima. Makolo athu akale ankadya mapira ndi mawere. Chimanga kwawo ndi ku Mexico, kumene alimi anachiweta kuchokera ku udzu wakutchire wotchedwa teosinte zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, posankha njere zabwino chaka ndi chaka. Chinafika mu Africa muno ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Lero munthu akadya china amati wagona ndi njala, pomwe mapira opirira chilala tawasiya.

Chachiwiri ndi magazi. Anthu atayamba kuswa mphanje ndi kukhala m'midzi, zithaphwi zinachuluka, udzudzu unaswana, malungo nkukula. Amene anali ndi chibadwa cha siko selo kuchokera kwa kholo limodzi ankapulumuka kawirikawiri ku malungo aakulu, choncho chibadwacho chinafala. Koma bambo ndi mayi akakhala nacho onse, pa mimba iliyonse pali mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawo. Si ufiti ayi, ndipo si mlandu wa mayi yekha. Mwana wosowa magazi pafupipafupi, wotupa manja ndi mapazi, tithamange naye kuchipatala akayezedwe.

Chachitatu ndi nyanja. Ku Malombe chambo chinali mbwee m'zaka za m'ma 1980, koma pofika m'ma 1990 chinasowa. Makoka a maso ang'onoang'ono monga nkacha ndi kambuzi ankakokolola ana a nsomba ndi udzu wapansi pomwe. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa. Mukachigwira nyengo imeneyo mwapha banja lonse. Tsono ena tafika powedzera neti yogonamo. Pamenepo taluza kawiri: nsomba za mawa zapita, mwana wagona pa udzudzu.

Allah anatipatsa dzikoli ngati amana, ndipo tidzafunsidwa. Nanga tichitenji? Neti ibwerere pamphasa. Nyanja ikatsekedwa tilemekeze, monga achitira anzathu a pa chilumba cha Mbenji ku Salima. M'munda tisiyeko mizere ya mapira, nandolo ndi chinangwa, tisunge mbewu zamakolo. Zimene tisankhe chaka chino ndi zimene adzukulu adzadye, insha Allah.