Uyambe wathokoza alamu ako

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 25. Ndinamaliza digiri ya zamakompyuta ku MUBAS, ndipo ndinakhala zaka ziwiri ndikuponya makalata osaitanidwa. Miyezi itatu yapitayi kampani ina yaing'ono mu Lilongwe muno inandilemba ntchito ngati junior developer. Poyamba ndinasangalala, koma pano mtima wafooka. Amangondipatsa ntchito yokonza ma bug mu code yolemba anthu ena. Amene amandiyang'anira ali ndi dipuloma chabe, koma chilichonse chomwe ndalemba amandibwezera ati ndikonzenso. Malipiro ndi ochepa, amathera minibasi ndi nkhomaliro. Mnzanga wa kukoleji amagwirira kampani yakunja ali pakhomo, ndipo amalandira madola. Ndimakhala kwa achemwali anga ku Area 25, ndipo alamu ayamba kale kunena kuti ndizigulako mayunitsi a magetsi, chonsecho laputopu yomwe anandigulira ndi yakale, imachedwa. Ndikuganiza zosiya ntchitoyi kuti ndizisaka za madola pa intaneti. Ndithandizeni nzeru.

Wotopa, Lilongwe

Wotopa mwana wanga,

Za kusiya ntchitozo tikambirana, koma ndiyambe ndi mawu omwe wangowaponya kumapeto kwa kalata yako. Ukuti laputopu yomwe alamu anakugulira ndi yakale. Iwe! Bambo amene uja sanakubereke. Anakwatira mchemwali wako basi, ndipo palibe ankhoswe amene anamuuza kuti akwatirenso iwe pamodzi ndi digiri yako. Komabe anakutsegulira khomo, wakudyetsa zaka ziwiri usakulowetsa ngakhale tambala, n'kuchotsa ndalama pakamwa pa banja lake kukugulira chida chomwe chakupezetsa ntchito lero. Pa zonsezi, chomwe wakumbuka kundiuza n'choti laputopuyo imachedwa. Zandiwawa.

Udziwe kuti amene wakhala akupsa pakatipa ndi mchemwali wako. Mkazi amene akusunga m'bale wake m'nyumba ya ukwati amayenda mosamala tsiku lililonse. Ufa ukatha msanga, mayunitsi akatha pakati pa mwezi chifukwa wina amachezera pa kompyuta, woyankha mafunso kuchipinda ndi iyeyo. Alamu ako kunena za magetsi sikuti akukuzunza. Akukuuza mwaulemu kuti tsopano ndiwe bambo. Chamanyazi n'choti achita kuyamba okha kunena. Mwezi uno ukalandira, usanagule nsapato kapena foni, khala nawo pansi onse awiri, uwauze malipiro ako mosabisa, ndipo mugwirizane ndalama yomwe uziika pakhomopo mwezi ndi mwezi. Ichepe bwanji, koma isadumphe. Ndipo mawu oti zikomo atuluke pakamwa pako, iwo akumva.

Tsopano za kuntchito. Vuto lako lalikulu si malipiro ayi, ndi mawu aja akuti "dipuloma chabe". Kukoleji unkalemba pulogalamu wekha, aphunzitsi n'kuchonga, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuntchito pulogalamu imagwiritsidwa ntchito ndi anthu enieni, zaka ndi zaka. Taganiza za mapulogalamu omwe amayendetsa Airtel Money, Mpamba kapena Mo626. Kumeneko kukalakwika mzere umodzi, ndalama yomwe mwana watumizira mayi ake ku Mchinji ikhoza kusokonekera. N'chifukwa chake m'makampani olongosoka padziko lonse code ya munthu siilowa wina asanaiwerenge, ngakhale wolembayo akhale katswiri wa zaka zambiri. Wadipuloma uja akamakubwezera ntchito, akukupatsa ulere chinthu chomwe makolo ako analipirira fizi zaka zinayi. Akanakhala wa mtima woipa akanangokusiya uphwanye zinthu, mabwana n'kukuonetsa msana wa njira.

Kukonza ma bug nakonso usakunyoze. Makaniko amadziwa injini pomasula zakufa, osati poyang'ana yatsopano m'buku. Ukamafufuza chifukwa chomwe pulogalamu ya wina ikugwera, ukuphunzira kuwerenga code, kugwiritsa ntchito Git pamodzi ndi anzako, kuyesa ntchito yako usanaipereke, ndiponso kuona zolakwa zomwe iwe sudzachita. Ukakakamira pa vuto, yesa wekha kaye kanthawi, kenako funsa, uli ndi zomwe wayesazo m'manja. Safunsa anadya phula. Ndipo ngati umakopera mayankho kwa ChatGPT, usapereke mzere womwe sungathe kuufotokoza akakufunsa.

Za madolazo ndikukumvetsa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense amene ali ndi laputopu akulota malipiro akunja. Koma wamufunsa mnzakoyo kuti anakanidwa kangati asanapeze? Pa Upwork ndi malo ena otere sukapikisana ndi anzako a ku MUBAS, MUST kapena Mzuni okha. Ukakumana ndi anyamata ndi atsikana a ku Lagos, Nairobi ndi Bangalore, ndipo funso loyamba lomwe wolemba ntchito amafunsa ndi loti wapangapo chiyani chomwe anthu akugwiritsa ntchito. Ndi miyezi itatu yakoyi, ukayankha chiyani? Ntchito zimenezo zimafunanso magetsi osazimazima ndi intaneti yodalirika, ndipo ambiri mwa makontirakiti ake amatha ndi uthenga umodzi, popanda penshoni. Ukasiya ntchito lero, ndiye kuti wabwerera pampando wa alamu aja, ukudya nsima yawo ndi kuwotcha mayunitsi awo usana ndi usiku. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Khala pamenepo zaka ziwiri, koma usakhale ngati wogona. Onetsetsa kuti uli ndi kalata ya ntchito yosainidwa. Lamulo la ntchito m'dziko muno silola kuti nthawi yokuyesa ipitirire miyezi 12, ndipo pa penshoni bwana amayenera kuika 10 peresenti, iwe 5 peresenti. Funsa zimenezi mwaulemu, ndi ufulu wako. Uzilemba m'kope chilichonse chomwe wakonza ndi chomwe waphunzira, kuti tsiku lopempha kukwezedwa malipiro udzalankhule ndi umboni. Madzulo ndi Loweruka panga kanthu kakokako, uike pa GitHub, ndipo uzipezeka pomwe anzako a ntchitoyi amakumana, monga ku mHub. Madola adzakupeza uli ndi choonetsa. Ngati unaphunzira ndi loni ya boma, ikumbukirenso, pakuti pali mwana wina kumudzi amene akudikira ndalama yomweyo.

Kwa inu nonse achinyamata amene mukuwerenga, ntchito yoyamba simuyesa ndi malipiro okha. Funsani kuti kodi pano pali wondiphunzitsa? Ngati alipo, mugwiritseni, kaya ali ndi dipuloma kaya anaphunzira yekha pa YouTube, chifukwa pa ntchito imeneyi kompyuta siifunsa satifiketi. Nanunso achibale, mwana akalembedwa ntchito ya makompyuta musaganize kuti watola chikwama. Musamuthire mndandanda wa feteleza, fizi ndi malata mwezi woyamba womwewo. Mpatseni mpata aimirire. Koma iwe amene wasungidwa, usadikire kukumbutsidwa. Alamu osunga mlamu zaka ziwiri osadandaula ndi osowa masiku ano, ndipo munthu wosayamika pakhomo sachedwa kuonekera kuntchito, pakuti mtima ndi womwewo. Lolemba ulawirire ku ofesi, ukamupatse moni wadipuloma uja, n'kumupempha akuonetse pomwe ukulakwitsa.

Ndine Azakhali ako