Nambala ya 30 si ya aliyense

Bambo wina wopikula mbatata ku Tsangano ankalemera makilogalamu 80, msinkhu mamita 1.70. Mwana wawo adawawerengera BMI (nambala yoyerekeza kulemera kwa thupi ndi msinkhu) pafoni, ndipo idatuluka 27.7. Tchati chidati kunenepa koopsa kumayambira pa 30. Bambowo adaseka: "Ndiye kuti malo adakalipo." Anzawo pa Lizulu ankawatcha abwana chifukwa cha mimba ija, iwo n'kumapitiriza chipisi ndi nyama yootcha. Kukayezetsa BP sadaganizeko. Tsiku lina pokweza matumba adagwa, pakamwa patakhota, ndipo ku chipatala cha Ntcheu adatuluka akukoka mwendo.

Nambala imene adaidalira idachokera makamaka pa matupi a Azungu. Madokotala a ku Asia adaona kale anthu awo akudwala shuga ndi mtima thupi lisanafike pa 30, chifukwa mafuta awo amakonda kuunjikana m'mimba. M'chaka cha 2004 akatswiri oitanidwa ndi bungwe la WHO adati kwa anthu a ku Asia chiopsezo chimayamba kukwera pa 23, n'kukula pa 27.5. India ndi Japan amawerenga 25 ngati kunenepa koopsa, China 28. Amwenye athu a ku Limbe ndi Lilongwe, nkhaniyi ndi yawo mwachindunji.

Ifenso sitidapulumuke. Kafukufuku wa ku England wa 2021 adapeza kuti chiopsezo cha shuga chimene Mzungu amachifika pa 30, munthu wakuda amachifika pa 28.1, Mmwenye pa 23.9. Bungwe la zaumoyo la NICE ku Britain limagwiritsa ntchito 23 ndi 27.5 ngakhale kwa anthu ochokera ku Africa. Pamuyezo umenewo wambatata uja adali atawoloka kale.

Chimene chimandipweteka n'chakuti kuno timayamikira mimba. Edzi itativuta, kuonda kudasanduka manyazi ndipo kunenepa kudakhala umboni wakuti uli bwino. Chonsecho kafukufuku wa STEPS wa 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi muno ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa.

Tengani chingwe, muyeze msinkhu wanu, muchipinde pakati n'kuzunguliza pamchombo. Nsonga zikalephera kukumana, ndiye kuti mimba yakula; pitani mukayezetse BP ndi shuga sabata yomweyino, ngakhale foni ikunena kuti simunafike pa 30.