Mafunso ndi Mayankho: Kusechedwa Pabwalo la Ndege ndi Maphukusi a Eni Ake

WOULUTSA: Makalata achuluka sabata ino, ndiye tisachedwe. Mayi wina wa ku Zomba walemba kuti: "Ndinkapita kukaona mwana wanga ku Johannesburg. Pamakina osechera anandilanda mafuta odzola, chonsecho m'botolomo anali atangotsala pang'ono. Kodi kumeneku si kuba?"

KATSWIRI: Pepani mayi, koma si kuba ayi. Achitetezo amayang'ana kukula kwa botolo, osati zimene zatsalamo. Pamabwalo ambiri a ndege, botolo la zamadzimadzi loposa mamililita 100 sililowa m'chikwama cha m'manja, kaya ndi mafuta, pafyumu kapena madzi akumwa. Lamuloli linayamba mu 2006, apolisi a ku Britain atagwira anthu amene ankafuna kuphulitsa ndege zopita ku America ndi mabomba amadzi obisidwa m'mabotolo a zakumwa. Mukanaika mafutawo m'sutikesi yaikulu imene mumapereka pakauntala, mukanafika nawo bwinobwino.

WOULUTSA: Mnyamata wina wa ku Mzuzu akudandaula kuti: "Amativula lamba, nsapato, mpaka kutigwiragwira ngati mbava. N'chifukwa chiyani?"

KATSWIRI: Lamba ali ndi chitsulo, achimwene, makina amalira. Za nsapato zinayamba ndi Richard Reid, amene mu Disembala 2001 anabisa bomba m'nsapato pa ndege yochokera ku Paris kupita ku Miami. Pa zogwiridwazo, mwamuna amasechedwa ndi mwamuna, mkazi ndi mkazi mnzake, ndipo zikasemphana musachite manyazi kunena. Komatu nafenso timatalikitsa mzere tokha. Munthu wafika pamakina makobidi ali m'thumba, laputopu ili pansi pa zovala, n'kuyamba kumasula chikwama anzake akudikira kumbuyo. Konzekerani muli pamzere pomwepo. Ndipo power bank, ndimanena sabata iliyonse, imayenda nanu m'manja, osati m'sutikesi. Batire lake likayaka pansi pa ndege palibe wolifikira.

WOULUTSA: Iyi yachokera kwa mayi wina wa ku Area 25. Akuti: "Mwezi wamawa ndikupita ku London kudzera ku Addis Ababa. Mnzanga wa kutchalitchi wandipatsa kaphukusi komata bwino ndi selotepu koti ndikapatse mwana wake. Akuti ndi ufa ndi usipa basi. Ndikuopa kukatsegula, angati sindimukhulupirira. Nditani?"

KATSWIRI: Mayi, katseguleni. Lero lomwe, mwini wake ali pomwepo. Akakana, mubwezereni.

Nkhani iyi ndiye imandisowetsa tulo. Ife mwakuno munthu akangomveka kuti akukwera ndege, khomo lake silitsekeka. Uyu wabwera ndi mpunga wa Kilombero, uyu chambo chouma, uyu mtedza, uyu kaenivelopu, aliyense akuti "mundinyamulireko, n'kakang'ono". Kukana timaona ngati nkhanza. Ndikudziwa, nanenso abale anga ali kunja ndipo amalakalaka nsima ya ufa wakwathu. Koma pakauntala akakufunsani kuti, "Katunduyu mwalongedza nokha? Pali wina wakupatsani chinthu?" si funso longocheza. Mukayankha kuti mwalongedza nokha, chilichonse chopezeka m'menemo ndi chanu.

Mukudziwa chifukwa chake funsoli silisekedwa? Mu Epulo 1986, pabwalo la Heathrow ku London komwe mukupitako, mtsikana wina wa ku Ireland, woyembekezera, ankakwera ndege ya El Al yopita ku Tel Aviv. Chikwama anamupatsa ndi bwenzi lake, Nezar Hindawi, bambo wa mwana amene anali m'mimbayo, atamulonjeza ukwati. Achitetezo anapeza bomba pansi pa chikwamacho. Mtsikanayo sankadziwa kanthu. Hindawi anagamulidwa zaka 45 kundende. Tsono ngati mwamuna anachita zimenezi kwa mkazi wonyamula mwana wake, inu mukuti mnzanu wa kukwaya simungamufunse n'komwe?

Sindikunena kuti mnzanuyo ndi woipa, ayi. Mwina nayenso wangopatsidwa ndi mphwake, mphwakeyo wapatsidwa ndi wina wa m'tauni. Phukusi limadutsa m'manja ambiri, koma womangidwa ndi amene walinyamula. Masiku ano choopsa kwambiri ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo ochita malondawa amasankha dala amayi aulemu ngati inu, chifukwa palibe amene angakukayikireni. Mayi wina wa ku South Africa, Janice Linden, anaphedwa ndi boma la China mu Disembala 2011 atapezeka ndi mankhwalawa m'katundu wake pabwalo la ndege la Guangzhou. Mpaka mapeto ankakana kuti si ake. Ku Singapore nakonso chilango chimafika pa imfa.

Ndinaonapo ine mayi wachikulire, chitenje chake chaudongo, atakhala pansi pabwalo la ndege akulira, akutchula dzina la amene anamupatsa phukusi. Anamuimbira foni, foni inali yothimitsa. Amene anakuperekezani mpaka ku Lumbadzi kapena ku Chileka akukubayibitsani sadzabwera kukhoti.

Ngakhale m'phukusimo mutakhala chakudya chenicheni, muyenerabe kuchiona. Britain salola nyama kapena zamkaka zochokera kumaiko ngati kwathu kuno, ndiye nyama yofutsa yobisidwa pakati pa ufa ikakuvutitsani ndinu. Ndiponso kulemera kwake. Makilogalamu akapitirira, wolipira ndinu, mwini phukusi ali phee kunyumba.

WOULUTSA: Nanga atakwiya mnzawoyo?

KATSWIRI: Akwiye. Munthu wabwino sakwiya ndi zimenezi, amatsegula yekha n'kukuonetsani. Muuzeni mwaulemu kuti, "Amayi, lamulo la ndege ndi lakuti ndione zonse zimene ndanyamula." Khuthulani ufawo m'beseni, upapaseni ndi manja, muulongedze nokha m'jumbo yanu. Sopo, nsapato, zitini, chilichonse chimene simungaone m'kati mwake, chisiyeni. Ndipo mukafika ku Addis Ababa podikira ndege ina, wina akakupemphani kuti mumusungire chikwama apite kuchimbudzi, ngakhale akulankhula Chichewa, mukane.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, makalata otsalawo tidzawerenga sabata yamawa.

KATSWIRI: Mayi a ku Area 25, chonde, musakwere ndege ndi phukusi limenelo musanalitsegule.