Phunziro la Mwezi Uno: Tidziwe Mawu a Fodya

Achinyamata anzanga, pa ntchito yanga ya zaumoyo kuno ku Senga Bay ndimacheza ndi anyamata opita ku usipa usiku. Ambiri amati ndudu imachotsa kuzizira ndi tulo panyanja. Lero tiyeni tiphunzire mawu asanu ndi awiri okhudza fodya, kuti pokambirana ku kalabu tizidziwa zomwe tikunena.

Ndudu ndi chingambwe
Ndudu ndi fodya wokulungidwa kufakitale. Chingambwe ndi fodya wakumudzi amene munthu amapichira yekha papepala. Ena amati chingambwe n'chabwino poti n'chachilengedwe. Si zoona. Utsi wa fodya uli ndi tinthu toposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa ito timayambitsa khansa.

Fodya wofwenkha
Uyu ndi fodya wopera amene amamukokera m'mphuno, ndipo ena amamuika m'kamwa. Alibe utsi, koma nikotini alimo, komanso amaononga nkhama ndi mano.

Nikotini
Ndi poizoni wopezeka m'tsamba la fodya. Ukakoka utsi amafika ku ubongo m'masekondi ochepa chabe. Amalowanso kudzera pakhungu. N'chifukwa chake ana othyola fodya wonyowa m'minda amachita chizungulire ndi kusanza.

Chibaba
Ndi njala ya fodya. Nikotini akachepa m'magazi, munthu amapsa mtima, mutu umawawa, tulo sabwera. Apa fodya ndiye wayamba kulamula munthu. Chibaba chimavuta kwambiri sabata yoyamba munthu akasiya, kenaka chimanka chichepa.

Phula
Ndi zakuda zomata zimene utsi umasiya m'mapapo. Zimafooketsa tiubweya timene timasesa fumbi ndi tizilombo m'njira ya mpweya.

Kusuta utsi wa mnzako
Mwana wogona m'nyumba imene bambo akusutiramo nayenso akusuta, ngakhale sanagwire ndudu.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi HIV?
Kulandirana ndudu sikufalitsa kachilombo ka HIV, chifukwa kachilomboka sikayenda m'malovu. Vuto lili pa mapapo. Wosuta amadwala chifuwa chachikulu cha TB mosavuta kusiyana ndi wosasuta, ndipo TB ndi imene imapha kwambiri anthu amene ali ndi kachilombo. Mnzathu amene akumwa ma ARV mokhulupirika koma akusuta akudziitanira chibayo, zilonda za m'kamwa ndi matenda a mtima. Mankhwala akumanga, fodya akugumula.

Tikudziwa kuti fodya wogulitsidwa ku okushoni ku Kanengo amabweretsa ndalama zakunja m'dziko muno. Komabe mu 2023 Malawi adalowa m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta, pozindikira kuti fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse pa dziko lapansi.

Ngati mukutsokomola kwa milungu iwiri, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda, musanamizire fodya. Pitani kuchipatala chapafupi kapena chachikulu cha Salima mukayezetse makhololo ndi magazi. M'zipatala za boma kuyezetsa ndi kwaulere.

Mafunso okambirana ku kalabu
1. Ndi mayina ena ati amene anzanu amatchulira fodya kudoko?
2. Werengetsani mtengo wa ndudu zisanu patsiku kwa mwezi wathunthu. Ndalamazo mungagulire chiyani?
3. Mnzanu wakupatsirani ndudu m'boti. Chitani sewero loonetsa mmene mungakanire osadana naye.
4. Pa 31 May ndi tsiku loletsa kusuta pa dziko lonse. Kalabu yanu ikonza zotani?